Katemera wa mwana wanu amadalira furiji yosamalidwa

Mukapita ndi mwana kusikelo, maso anu amakhala pa mlangizi wa zaumoyo, pa jakisoni ndi pa kabuku ka kuchipatala. N'kutheka kuti simunasuzumirepo m'chipinda chomwe mumakhala furiji yosungira katemera. Komatu mphamvu ya katemera amene mwana wanu walandira imadalira momwe furijiyo yakhala ikugwirira ntchito, usana ndi usiku, kuyambira tsiku lomwe katemerayo adafika pachipatalapo.

Nkhaniyi yakula m'zaka zaposachedwa chifukwa akatemera achuluka. Mu 2019 dziko lino lidayamba kupereka kwa atsikana katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mu Epulo chaka chomwecho lidakhala loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo kusikelo. Mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka poliyo, ndipo katemera wa khomo ndi khomo adayenda kangapo. Mu Meyi 2023 kudabweranso katemera wa taifodi. Onsewa amasungidwa m'mafuriji omwewo amene akusunga kale katemera wa chikuku, chibayo ndi chifuwa chachikulu.

Pomwe katundu akuchuluka m'furiji, magetsi nawo akhala akuvuta. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudakula kwa nthawi yoposa chaka. Tikaonjezerapo dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, pomwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatentha kupitirira madigiri 40, furiji ya pachipatala chakumudzi ili ndi ntchito yaikulu.

Furiji imagwira ntchito bwanji?

Ambiri timaganiza kuti furiji imapanga kuzizira, koma ntchito yake yeniyeni ndi kutulutsa kutentha. M'timapaipi take mumayenda gasi amene amayamwa kutentha kwa m'kati. Kenaka injini yake, yomwe amaitcha kompuresa, imapanikiza gasiyo n'kumukankhira m'timapaipi takunja, komwe kutenthako kumatayikira mumpweya. N'chifukwa chake mukakhudza kumbuyo kapena m'mbali mwa furiji mumamva kufunda.

Akatswiri amatcha makina otere heat pump, kutanthauza makina opopa kutentha kuchoka malo ena kupita malo ena. M'maiko ozizira ngati Norway, nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi makina a mtundu womwewu, kungoti kumeneko amatenga kutentha panja n'kukulowetsa m'nyumba. Kaya ndi ku Norway kaya ndi ku Ntchisi, lamulo ndi limodzi: njira yomwe kutentha kumadutsa ikatsekeka ndi fumbi, madzi oundana kapena khoma, kompuresa imalira nthawi yaitali, imadya magetsi ambiri, ndipo imafa msanga.

Kutentha ndi kuundana, zonse zimaononga

Malangizo a bungwe la WHO ndi akuti pachipatala katemera asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kukatentha kuposa apo, katemera amataya mphamvu pang'onopang'ono, ndipo amene amaonongeka msanga kwambiri ndi kutentha ndi wa poliyo wodonthezera m'kamwa. Mphamvu ikatayika siibwerera ngakhale furiji izizirenso. Akulu adati madzi akatayika saoleka.

Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti kuzizira kopitirira muyeso nakonso n'koopsa. Katemera wa matenda asanu amene mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, katemera wa chibayo, wa kafumbata ndi wa khansa ya khomo la chiberekero, onsewa amaonongeka akaundana. Choncho furiji yozizira kwambiri si furiji yabwino.

Vuto ndi lakuti mwana wobayidwa katemera wofooka amapita kwawo bwinobwino, m'kabuku mwalembedwa kuti walandira, inu mtima uli m'malo, chonsecho chitetezo chake n'chochepa. Zimadzaonekera patapita miyezi kapena zaka, matenda akabuka m'mudzi. Zikatero anthu amayamba kunena kuti katemera sagwira ntchito, pomwe cholakwika chidali pa kasungidwe.

Chisamaliro chomwe furiji imafuna

Zambiri mwa ntchito zosamalira furiji sizifuna ndalama, zimafuna munthu wosaiwala. Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale Loweruka, Lamulungu ndi pa tchuthi, wina ayenera kuwerenga kachipangizo koyezera kutentha ndi kulemba papepala lomwe limakhala pa furijipo. Pepala limeneli ndilo limaulula matenda a furiji asanakule. Manambala akayamba kukwera tsiku ndi tsiku, ndiye kuti penapake pavuta.

Fumbi lomwe limakanirira pa timapaipi takunja ndi pa kompuresa liyenera kuchotsedwa ndi burashi yofewa mwezi ndi mwezi. Furiji isagundane ndi khoma, isakhale poomba dzuwa, ndipo pamwamba pake pasaunjikidwe makatoni. Madzi oundana akafika theka la sentimita m'kati mwa furiji, katemera asamutsiridwe m'bokosi lozizira, furiji izimitsidwe kuti asungunuke okha. Kukolopola ndi mpeni kumaboola timapaipi, gasi n'kutha, ndipo gasi wa m'mafuriji ambiri amakono amayaka moto.

Labala ya pachitseko nayo ndi yofunika. Njira yoiyezera ndi yapafupi: panitsani pepala ndi chitseko, kenaka likokeni. Likatuluka mosavuta, ndiye kuti mpweya wotentha ukulowa ndipo labalayo isinthidwe. M'furiji ya katemera musalowe madzi akumwa, nsomba kapena zakumwa za pamsonkhano, chifukwa kutsegulatsegula kumalowetsa kutentha.

Achikulire akukumbukira mafuriji a parafini omwe ankafuna kudula chingwe ndi kuthira mafuta. Masiku ano m'zipatala zambiri zopanda magetsi a Escom muli mafuriji a sola, omwe bungwe la Gavi ndi UNICEF akhala akuthandiza maiko kugula. Ambiri mwa iwo alibe mabatire. Dzuwa likawala amaundanitsa madzi m'makoma mwawo, ndipo madzi oundanawo ndiwo amasunga kuzizira usiku ndi pa masiku a mitambo. Koma mapanelo akakutidwa ndi fumbi la m'chilimwe, zitosi za mbalame kapena mthunzi wa mtengo womwe wakula, furiji siilandira mphamvu yokwanira. Mapanelo amatsukidwa ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa, m'mamawa kapena madzulo pomwe sakutentha.

Ntchito zina si za aliyense. Kuthira gasi, kukonza kompuresa kapena kugwira mawaya n'kwa amisiri ophunzitsidwa. Mafuriji a magetsi a Escom amafunanso chipangizo chowateteza magetsi akabwera mwamphamvu atazima, chifukwa nthawi imeneyi ndiyo makompuresa ambiri amapsa.

Nanga chimavuta n'chiyani?

Kugula furiji yatsopano kumaoneka: pamakhala mwambo, zithunzi ndi malankhulidwe. Kuisamalira sikuoneka, komabe kumafuna ndalama chaka ndi chaka. Mmisiri wa kuboma amafuna galimoto ndi mafuta kuti akafike kuchipatala chakutali. Zipangizo zosinthira zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja idakwera. Abwenzi akunja angatigulire furiji, koma sangabwere kudzaipukuta fumbi.

Apa mpomwe chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chikuposa china chilichonse. Labala yong'ambika ikaoneka lero, imasinthidwa ndi ndalama zochepa. Ikasiyidwa miyezi ingapo imapha kompuresa, ndipo chipatala chimayamba kukatenga katemera kuchipatala china pa njinga. Masiku a sikelo amachepa, mayi amene wayenda mtunda wautali amabwezedwa, ndipo ena sabweranso. Choncho pokambirana bajeti ya zaumoyo ku khonsolo, funso lisamangokhala lakuti tagula mafuriji angati, koma lakuti ndi angati akugwira ntchito ndipo ndalama yowakonzera ili pati.

Gawo lanu

Ngati ndinu wodzipereka amene mumanyamula bokosi la katemera kupita kusikelo ya m'mudzi, dziwani kuti bokosilo ndi furiji ya tsiku limenelo. Mabotolo a madzi oundana omwe mumaika m'katimo ayambe asungunuka pang'ono, mpaka muzimva madzi akukhuchumuka mukawagwedeza, kuti asaundanitse katemera. Bokosi likhale pamthunzi ndipo lisamatsegulidwe popanda chifukwa.

Phunzirani kuwerenga kachizindikiro ka pa botolo la katemera. Ndi kozungulira, ndipo pakati pake pali kabokosi koyera. Kabokosiko kamada botolo likamakhala potentha. Kakafanana mtundu ndi mbali yozungulira, kapena kuda kuposa apo, katemerayo sagwiritsidwanso ntchito. Kachizindikiroka sikaonetsa ngati katemera adaundana, choncho mukakayika, uzani mlangizi wa zaumoyo kuti amuyeze. Katemera wa chikuku ndi wa chifuwa chachikulu akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6, kapena sikelo ikatha ngati yatha msanga.

Ngati muli mu komiti ya pachipatala kapena ya zaumoyo ya m'mudzi, pemphani mwaulemu kuona pepala la pa furiji. Onani ngati likulembedwa kawiri patsiku. Funsani kuti mmisiri adabwera liti komaliza, komanso kuti katemera amapita kuti furiji ikaonongeka. Gwirizanani za amene azitsuka mapanelo ndi kusadza nthambi zotchinga dzuwa. Kambiranani ndi mafumu za chitetezo, pakuti wakuba panelo pachipatala wabera ana a m'mudzi wonse.

Ndipo inu makolo, nkhaniyi isakuchititseni mantha n'kusiya kupita kusikelo. Ogwira ntchito zaumoyo amaphunzitsidwa kuchotsa katemera wokayikitsa asanafike pa mwana. Akakuuzani kuti lero katemera palibe chifukwa furiji yavuta, musawakalipire, akuteteza mwana wanu. Funsani tsiku lobweranso, lilembetseni m'kabuku, ndipo tsikulo likakwana mubwere naye. Mwana akachedwa kulandira katemera sayambiranso poyamba, amapitiriza pomwe adalekezera.