Malangizo ogula zambiri nthawi imodzi aiwala osauka

Akonzi,

Nkhani imene inatuluka m'nyuzipepala ino yonena kuti mabanja akuvutika ndi chakudya chifukwa sadziwa kupanga bajeti ndi yonyoza amphawi. Kuyambira mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi buledi inathawa malipiro. Waganyu amalandira za tsiku lomwelo. Amagula ufa wa wokumani ndi mafuta a m'timapepala akudziwa bwino kuti akuboola m'thumba, koma ndalama ya thumba lathunthu alibe. Kumuuza kuti akadzaze ngolo m'sitolo yaikulu pakutha pa mwezi n'kumuseka.

Njira zenizeni zilipo. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo chimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Mabanja angapo akasonkherana, kapena akagwiritsa ntchito gawo lawo la banki m'khonde, amatha kugula matumba a makilogalamu 50 pa nthawi yotchipayo n'kusunga m'matumba osalowa mpweya kuti anankafumbwe asaononge. Kugayitsa mgaiwa kumatulutsa ufa wochuluka kuposa kukonola, chifukwa madeya satayika.

Ndiwo nazonso zili ndi nzeru zake. Nkhwani, khwanya ndi chisoso zikachuluka m'dzinja zimafutsidwa kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Nyemba, nandolo, soya ndi bonya zimamanga thupi pa mtengo wotsika kuposa nyama. Kunyika nyemba usiku kumapulumutsa makala.

Malangizo othandiza amayambira pa ndalama imene munthu ali nayo m'manja. Olemba nkhani za chuma ayambe afika pamsika ndi kufunsa ogula asanawadzudzule.

Wowerenga,
Ndirande, Blantyre