Mfuti yosaphonya ikafika ku Nkope iloze chandamale

Mnyamata wa ku Nkope akakoka legeni n'kuloza njiwa imene yatera pamlambe, njiwayo imakhala ndi mwayi. Mwala umapatuka, mphira umaduka, dzanja limanjenjemera, ndipo kawirikawiri mbalame imauluka n'kumusiya mlenje akukanda m'mutu. Ulenje pano ndi wakalekale. Katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anapeza pagombe la Nkope mapale a mbiya za anthu osula zitsulo amene ankakhalapo zaka zoposa 1,500 zapitazo, mpaka mtundu wa mbiyazo unapatsidwa dzina la Nkope. Mibadwo yonseyi yasaka ndi mivi, misampha, ulimbo, kenako legeni, koma mbalame sizinathe, mwa zina chifukwa zida zimenezi zimaphonya.

Tsopano m'masitolo a ku Joni, kumene anyamata ambiri a ku Mangochi amakagwira ntchito, muli mfuti ya mpweya yotchedwa PCP. Iyi ndiye siidziwa kuphonya.

Mfutiyi siifuna wonga ngati gogodela ya makolo. Kunsi kwa mpaipi wake kuli kabotolo kolimba kamene amapoperamo mpweya mpaka mabar 200 kapena 250, zina mpaka 300. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar awiri ndi pang'ono basi, ndiye kuti m'kabotolomo muli mphamvu yoposa ya m'tayala pafupifupi ka 100. Wowombera akangokhudza ndi chala, kachitseko ka m'kati kamatseguka kamphindi n'kutulutsa kampweya kokankha kachipolopolo ka mtovu. Mfuti zambiri zapamwamba, monga za Daystate ndi Air Arms za ku England kapena FX ya ku Sweden, zili ndi kachipangizo kotchedwa regulator, kamene kamagawa mpweya mofanana nthawi zonse. Kachipolopolo koyamba ndi ka nambala 40 timachoka ndi liwiro limodzi, ndipo apa ndi pamene pagona kulunjika kwake.

Kachipolopolo ka mamilimita 5.5 kamalemera pafupifupi galamu imodzi ndipo kamathamanga mamita 270 pasekondi. Akatswiri safuna kuti kapitirire kwambiri pamenepa, poti kakayandikira liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita 340 pasekondi, kamayamba kupepeluka. Mfutiyi siimenyanso paphewa ngati mfuti ya mpweya yothyola pakati. M'mawa kuli zii, munthu wodziwa akaigoneka pathumba la mchenga n'kuyang'ana m'galasi lake loonera patali, angathe kulowetsa tizipolopolo khumi pamalo aang'ono ngati chitsekerero cha botolo la Fanta, ali pamtunda wa mamita 50, womwe ndi theka la bwalo la mpira.

Nzeru imeneyi si yadzana. Cha m'ma 1780 asilikali a ku Austria anali kale ndi mfuti ya mpweya ya Girardoni, ndipo ofufuza malo Lewis ndi Clark ananyamula ina paulendo wawo wodutsa America kuyambira 1804 mpaka 1806. Chatsopano n'chakuti lero mfutiyi ikupezeka pashelefu ngati katundu wamba.

Koma zimene mfuti imachita pakanema wa YouTube n'zosiyana ndi zimene ingachite m'mbali mwa nyanja. Mwera ukayamba kuwomba mu Juni kapena Julayi, kachipolopolo ka galamu imodzi kamakankhidwira kumbali ngati bwato lopanda nkhafi. Dzuwa la mu Okutobala likawotcha kabotolo kamene kasiyidwa m'galimoto, mphamvu ya mpweya imakwera. Mchenga ukalowa pa timphira totseka mpweya, mfuti imayamba kuphwa. Kudzaza kwake nakonso ndi ntchito ya thukuta: pampu yake yamanja imafuna kupopa kambirimbiri, apo ayi pafunika silinda ngati ija amabereka anthu osambira pansi pa madzi ku Cape Maclear. Apa pali msampha woopsa. Wina angaganize zopita kwa owotcherera zitsulo pamsika kuti amugawireko okisijeni. Okisijeni wopanikizika akakumana ndi mafuta a m'kati mwa mfuti amayaka, ndipo kabotolo kangaphulikire m'manja.

Ngozi yaikulu ili kwa anthu amene sanaigwire n'komwe. Gombe la Nkope silikhala lopanda anthu. Amayi akutsuka mbale, ana akusamba, asodzi akusoka makoka pamthunzi, ena akuyanika usipa pathandala. Kachipolopolo kakagunda madzi mopendekeka kamadumpha ngati mwala wophwatalala umene ana amaponya, ndipo kakaloza m'mwamba kangathe kukagwera mamita oposa 300. Mfutiyi ilinso yachinunu, moti amene ali kuseri kwa bango sadziwa kuti wina akuwombera. Mphamvu ya kachipolopolo kaja ndi pafupifupi majoule 37. Ku England mfuti ya mpweya yopitirira majoule 16 imafuna chiphaso cha apolisi monga mfuti ina iliyonse, ku Germany malire ndi majoule 7.5, ndipo ku Scotland kuyambira kumapeto kwa 2016 ngakhale yofooka imafuna chilolezo. Maiko amene mfuti za mpweya zili paliponse sazitenga ngati chidole. Aliyense wobwera nayo kuno ayambe wapita kupolisi asanaitulutse m'chikwama.

Nanga mbalame? Nkhwazi, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, imakhala phee pansonga ya mtengo kwa nthawi yaitali, pooneka bwino. Legeni siifikako, koma PCP imafika mosavuta. Nkhwazi yomweyo ndi imene anyamata a maboti ku Cape Maclear amaiimbira mluzu n'kuiponyera nsomba kuti alendo ajambule, ndipo ndalama ya ulendowo imagula ufa kunyumba. Ngakhale wowombera asaloze nkhwazi, mtovu umene watsalira m'thupi la mbalame yovulala umadwalitsa mbalame zodya nyama zimene zaitola. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ili pafupi, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, moti milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende.

Alipo amene anganene kuti mlimi naye ali ndi dandaulo. N'zoona. Makoswe amatha chimanga m'nkhokwe, anyani amathyola m'munda mwini wake akuona. Ku England alimi amagwiritsadi ntchito mfuti zotere popha makoswe m'makola usiku. Koma mfuti yapamwamba imadula mapaundi oposa 1,000, osawerengera galasi ndi pampu, pamene mphaka ndi diwa zimagwira ntchito yomweyo ulere. Kunena za nyani, kachipolopolo kotere kawirikawiri kamangomuvulaza, n'kumusiya akuvutika ndi bala m'phiri. Imeneyo ndi nkhani ya alonda a zanyama.

Malo oyenera mfuti yolunjika chonchi alipo, ndipo ndi pachandamale. Kuyambira 1984 mpikisano wa Olympics uli ndi masewero owombera ndi mfuti ya mpweya pamtunda wa mamita 10. Kadontho ka pakati pa pepala la chandamale n'kotambalala theka la milimita, kuchepa kuposa kambewu ka mawere. Mfuti zake, monga za Walther ndi Feinwerkbau, ndi za PCP zomwezi, koma zofooka, za mamilimita 4.5. Mu 2008 ku Beijing, Abhinav Bindra anapambana pa masewero amenewa n'kukhala Mmwenye woyamba kupata mendulo yagolide ya Olympics payekha. Malawi sanapatepo mendulo ina iliyonse ku Olympics, koma Areneo David anasonyeza kuti masewero olunjika ndi otheka pamene anakaimira dziko lino ndi uta ku Rio de Janeiro mu 2016.

Zofunika si zambiri: holo yotalika mamita 15, matumba a mchenga kuseri kwa chandamale, kabati yokhoma bwino, ndi mphunzitsi wodziwa malamulo a mfuti. Asilikali a panyanja ali ku Monkey Bay komweko, ndipo apolisi ali ku Mangochi. Malawi National Council of Sports ndi Malawi Olympic Committee angathe kukhala pansi ndi amenewa n'kuyesa kalabu imodzi kum'mwera kwa nyanja, mfuti zikhale zolembedwa m'kaundula ndipo zizigona pamalo amodzi. Ofunika kuyamba kuitanidwa ndi anyamata ndi atsikana a ku Nkope, Makawa ndi Namiasi amene amagwetsa mango ndi legeni ali patali, Loweruka m'mawa mwera usanadzuke.