Mbeta ya pa Esiteti Nayonso Ndi M'bale Wathu

M'minda ya fodya ya ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, muli anthu amene adasiya kwawo, ena ku Mulanje, ena ku Mangochi, nabwera okha kudzagwira ntchito. Ena sadakwatirepo, ena banja lidatha, ena adaferedwa. Usana amakhala pakati pa anzawo m'mizere, koma dzuŵa likaloŵa wabanja aliyense amapita kukadya ndi ana ake, mbeta nkutsala yokha ikusonkhezera moto wa m'balani.

Kusungulumwa si nkhani yoseketsa. M'chaka cha 2025 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti pa anthu 6 alionse pa dziko lapansi, mmodzi ndi wosungulumwa, ndipo kuti vutoli limakulitsa matenda a mtima ndi a maganizo. Ife oyendera zaukhondo timaliona m'njira yathuyathu: pakhomo posasesa, mafuwa ozizira, munthu amene kale ankadzisamala koma tsopano sasamba, ndipo nthaŵi zina botolo la mankhwala opopera fodya lili kumutu kwa mphasa.

Chondidandaulitsa ndi mayankhidwe athu. Munthu wotere akasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, timathamangira kumuuza kuti chikhulupiriro chake chazilala. Tikakumana naye pa ukwati wa mnzake timamufunsa kuti, "Nanga inu liti?" ngati kuti iye sadadzifunse yekha usiku wonse. Amene akuona ngati Mulungu wamuiŵala safuna ulaliki wachiŵiri. Afuna wina wokhala naye pansi, womumvetsera mpaka amalize, ngakhale zina zimene akunena zikhale zoŵaŵa m'makutu a munthu wopemphera.

Tengani mbale yanu ya nsima mukadyere kwa iye. Muitaneni ku bawo. Tsiku la mapemphero mudzereni, ndipo akakana musamudzudzule, mudzabwerenso sabata yamaŵa. Muchite izi makamaka fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, pamene anzake abalalika ndipo ndalama zili m'thumba, chifukwa ndiye nyengo imene kachasu amasanduka bwenzi.

Akayamba kulankhula za imfa kapena kugaŵa katundu wake, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, tsekerani mankhwala onse m'nyumba yokhoma, ndipo muperekezeni ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Kasungu. Ofunika chithandizo chapadera amathandizidwa ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapenanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.