Kamalo ka pakati pa mpanda ndi msewu nkayani?

M'chaka cha 2021, apolisi a khonsolo ya Tshwane analembera bambo Djo BaNkuna a mumzinda wa Pretoria chindapusa cha R1,500 chifukwa chodzala kabichi ndi ndiwo zina kunja kwa mpanda wa nyumba yawo, m'mphepete mwa msewu. Ndiwozo ankapatsa anthu osowa. Nkhaniyo inawanda pa Facebook, ndipo chaka chisanathe mlanduwo unathetsedwa. Funso lokha ndilo linatsala, ndipo likukhudzanso anthu a ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare: kamalo kamene kali pakati pa mpanda ndi msewu nkayani?

M'mizinda yambiri yankho la lamulo ndi losavuta. Malowo ndi mbali ya msewu, choncho ali m'manja mwa khonsolo kapena nthambi ya boma yoona za misewu. Pansi pake pamadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo, pambali pali ngalande, ndipo pamwamba mpoyenda anthu apansi. Koma amene amagwira chikwakwa kutchetcha udzu wa pamenepo mvula ikagwa, amene amasesa masamba ndi kutola mapulasitiki, ndi mwininyumba. Khonsolo imakhala chete zaka zambiri pamene munthu akuigwirira ntchito yaulere, kenaka tsiku limodzi nkutulukira itanyamula buku la malamulo. Apa mpamene pali kupanda chilungamo. Amene wasiyira mnzake ntchito yosamala malo ayenera kumuuza momveka bwino, ntchito isanayambe, zimene angachitepo ndi zimene sangachitepo.

Izi sizikutanthauza kuti eninyumba ndi osalakwa. Ambiri amaiwala kuti kusamala malo si kukhala mwini wake. Wina amadzala maluwa aminga mpaka kulekeza m'phula, wina amandandalika miyala kuti magalimoto asaponde kapinga wake, ndipo mwana wasukulu kapena mayi wobereka khanda amakakamizika kuyenda mumsewu momwe mukuthamanga maminibasi. Kukongola kotere kumaika moyo wa ena pachiswe.

Choipitsitsa chimachitika polowera galimoto kuchipata. Kuti galimoto idutse pangalande pamafunika kalavati wokula bwino, woti madzi aziyenda pansi pake momasuka. Koma kalavati ndi wodula, ndiye anthu ena amangokwirira ngalandeyo ndi dothi ndi zidutswa za njerwa, ena nkuikapo kapaipi kakang'ono kamene kamatsekeka ndi zinyalala pa mvula yoyamba yomwe. Madzi akasowa njira amasefukira mumsewu, nalowa pansi pa phula ndi kuligumula; otsalawo amakathera pabwalo la mnansi wakumunsi, amene sanalakwe kanthu. Podutsira galimotopo pamathandiza nyumba imodzi yokha, choncho nkoyenera kuti mwininyumbayo alipire yekha zomangira ndi zokonzera. Udindo wa khonsolo ndi kunena kukula kwa kalavati wofunika, kudzaona ntchitoyo, ndi kuchotsetsa chilichonse chotseka madzi, ngakhale chikhale pachipata cha munthu wolemera.

Makhonsolo ena a mumzinda wa Melbourne, ku Australia, anaona kuti kuletsa chilichonse sikuthandiza. Analemba malangizo olola anthu kudzala pamalo oterewa, malinga mbewuzo zikhale zazifupi, njira ya oyenda pansi isatsekedwe, ndipo woyendetsa galimoto aziona bwino pamphambano. Zoterezi sizifuna chuma chambiri. Pepala limodzi lolembedwa m'chiyankhulo cha anthu, lomatidwa pamsika ndi pa ofesi yolipirira misonkho ya malo, nlokwanira.

Nkhani ya chimanga cha m'mbali mwa misewu ikanatha chimodzimodzi. Zifukwa zochiletsera nzomveka: chimatalika, chimaphimba maso a oyendetsa galimoto, ndipo mbava zimatha kubisalamo. Koma kudikira mpaka chitamasula ngayaye nkudzachitchetcha, munthu atawonongerapo kale mbewu ndi fetereza, ndi nkhanza zopanda phindu. Chenjezo lizibwera mu Okutobala, khasu lisanalowe m'nthaka, ndipo lizitchulanso mbewu zazifupi zimene zili zololedwa, monga mbatata, mtedza ndi ndiwo zamasamba. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu ndi ngalande zazikulu zikhale m'manja mwa khonsolo, pakuti nthambi yolendewera pa mawaya a magetsi si yoti munthu wamba akwerere ndi chikwanje.