Mankhwala a mtima amafikanso m'mapapo

Aphunzitsi anzanga, silabasi ya Biology imaika mtima pamutu wake, mapapo pamutu wina, koma mankhwala sadziwa zimenezo. Taonani propranolol. Amachepetsa liwiro la kugunda kwa mtima, ndipo chitulukireni madokotala a ku Bordeaux mu 2008, amaperekedwanso kwa makanda okhala ndi zotupa zofiira pakhungu. Tsono mankhwala omwewa amatha kufinya njira za mpweya m'mapapo, khanda n'kumapuma movutikira, m'chifuwa mukulira ngati mluzu. Mayi angayese ndi chimfine wamba.

Ine ndikuti dokotala asamapereke botolo asanafotokoze zimenezi. Ndipo inu amene ndinakuphunzitsani, ambiri mukulera makanda tsopano: mwana akabanika ali pa mankhwalawa, thamangirani kuchipatala botololo lili m'manja, adokotala aone dzina lake.