Chithandizo chinatsata kukula kwa khola, osati kukula kwa vuto

Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, alimi a ku America anakumana ndi zokhoma. Masukulu ndi malo odyera atatsekedwa, mkaka unasowa ogula, moti ku Wisconsin alimi ena ankangoutaya. Fakitale yophera nkhumba ya Smithfield ku Sioux Falls inatsekedwa antchito ambiri atadwala, nkhumba zonenepa kale n'kusowa kopita. Boma linayenera kuchitapo kanthu, ndipo pamenepa sitikutsutsa.

Pa 17 Epulo chaka chimenecho, nduna ya zaulimi Sonny Perdue inalengeza ndondomeko yotchedwa Coronavirus Food Assistance Program, ndi madola 16 biliyoni opita mwachindunji kwa alimi. Mu Seputembala anawonjezeranso ena okwana madola 14 biliyoni. Chaka chonsecho, ndalama zomwe boma linapereka kwa alimi zinapitirira madola 45 biliyoni.

Chomwe chikutipweteka mtima ndi kagawidwe kake. Ndalamazo zinkawerengedwa potengera zokolola. Mlimi wa mkaka ankalandira malinga ndi mkaka womwe anakama m'miyezi itatu yoyambirira ya 2020, woweta ng'ombe zanyama malinga ndi kuchuluka kwa ziweto zake. Munthu mmodzi amatha kulandira mpaka madola 250,000, ndipo kampani yokhala ndi eni ake atatu ogwira ntchito pafamupo imatha kufika madola 750,000. Apa n'zodziwikiratu kuti wa khola lalikulu ndiye ankatenga gawo la mkango, ngakhale atakhala kuti ali ndi nkhokwe yomuthandiza kupirira miyezi ingapo.

Taganizirani boma la Tulare ku California, lomwe limadziwika ndi mkaka wochuluka kuposa maboma ena ambiri m'dzikolo. Ng'ombe sizidziwa mliri. Zimafunika kukamidwa m'bandakucha ndi madzulo, tsiku lililonse. Omwe ankavala majombo n'kulowa m'makola odzaza ndowe, kutsuka mawere a ng'ombe ndi kulumikiza makina okamira, ambiri anali ochokera ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo. Boma la America linawatcha antchito ofunikira kwambiri, kutanthauza kuti ankayembekezeka kupitiriza kugwira ntchito. Koma cheke cha famu chinkalembedwa m'dzina la mwini famu. Opanda mapepala okhalira m'dzikolo sanalandire ngakhale madola 1,200 omwe anthu ena anapatsidwa. Mu 2021, boma litakumbukira anthuwa, linakonza zowapatsa madola 600 aliyense, kamodzi kokha.

Alimi akuda nawo anatsalira. Tom Vilsack, yemwe analowa m'malo mwa Perdue, anavomereza kuti gawo la ndalama za chithandizo cha mliri lomwe linawafikira linali pafupifupi 0.1 peresenti. Lamulo la mu Marichi 2021 lofuna kuwachotsera ngongole linaimitsidwa ndi makhoti, ndipo mu 2022 linathetsedwa lisanagwire ntchito.

Ife tikuti chithandizo cha nthawi ya tsoka chiyenera kuyamba ndi funso lakuti ndani agwa ngati sitimugwira dzanja lero. Aphungu a ku Washington akamakonza lamulo lotsatira la zaulimi, atsitse malire a ndalama zomwe famu imodzi ingalandire, atseke mpata wogawa famu m'maina ambiri, ndipo alembe wokama mkaka pa mndandanda womwewo ndi mwini ng'ombe.