Mukuti tigule osewera akunja, akwathu munawafunafuna liti?

Masapota a basketball kuno ku Malawi tili ndi mankhwala amodzi a nthenda iliyonse. Timu ikagonja, thukuta la osewera lisanaume n'komwe, chigamulo chimakhala chatuluka kale: anyamata athu ndi afupi, kochi sakudziwa kanthu, gulani awiri a ku America nkhani ithe. Mawu amenewa amamveka m'minibasi, pa bawo, m'magulu a WhatsApp, ndipo owanenawo amaoneka ngati atulukira nzeru yatsopano. Ine ndikuti ndi ulesi, ulesi wa munthu wofuna chambo koma madzi sakufuna kuwaponda.

Tiyambe ndi zomwe zinachitika. Chakumapeto kwa 2024, Bravehearts ya ku Lilongwe inafika mu ndime ya Elite 16 ya mpikisano wolowera mu Basketball Africa League, BAL mwachidule, ndipo inakasewera ku Nairobi. BAL ndi ligi imene NBA ndi FIBA anakhazikitsa limodzi. Inayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo mumalowa matimu 12 okha mu Africa yense. Ku Nairobi kuja kunali City Oilers ya ku Uganda, Urunani ya ku Burundi, komanso eni bwalo, Nairobi City Thunder, amene anatenga malo n'kukhala timu yoyamba ya ku Kenya kulowa mu BAL. Bravehearts inabwerako yopanda malowo. Kungofika pa ndime imeneyo inali nkhani yaikulu kwa dziko limene basketball imaseweredwa ndi anthu ongodzipereka. Koma mukamva sapota akunena motsindika kuti timu ya Malawi ikusowa "aatali awiri akunja", mufunseni atchule osewera asanu a ligi ya kuno. Mufunseni gemu yomaliza imene anapita kukaonera ndi miyendo yake. Nthawi zambiri yankho limakhala kukanda mutu.

Sapota yemweyo mufunseni za Luka Dončić, akufotokozerani mpaka bandulo ithe. Pa 2 February 2025, Lamlungu m'mawa nthawi ya kuno, inamveka nkhani yoti Dallas Mavericks yapereka Luka ku Los Angeles Lakers posinthanitsa ndi Anthony Davis. Tinalira ngati wamwalira ndi malume. Ku Dallas masapota anafika pobwera ndi bokosi la maliro kunja kwa bwalo, ndipo kwa miyezi ankaimba kuti Nico Harrison, bwana amene anachita malondawo, achotsedwe. Luka atabwerera ku Dallas mu April atavala jezi ya Lakers, anagwetsa misozi gemu isanayambe, kenako anamwetsa mapointi 45. Mu November chaka chomwecho Harrison anachotsedwadi ntchito. Ife kuno tinatsatira zonsezi ngati maliro a pamudzi, ena kumadzuka 3 koloko usiku, foni ili pa tchaja, kupempha Mulungu kuti magetsi asathime.

Sindikunyoza kukonda NBA. Gemu yake ndi yokoma, basi. Koma taonani chimene anthu a ku Dallas ankalira. Sankalira chifukwa timu yawo yalephera kugula dzina lalikulu, popeza Anthony Davis nayenso ndi dzina lalikulu. Ankalira mwana amene anafika pakati pawo mu 2018 ali ndi zaka 19, n'kukulira pamaso pawo. Mkwiyo wawo unali ndi mano chifukwa ndi anthu ogula matikiti, amene akakhala kunyumba mipando imaoneka yopanda anthu pa TV. Mkwiyo wathu kuno umathera pa emoji. Ndipo Luka yemweyo sanagwe kumwamba. Anachokera ku Slovenia, dziko la anthu ongopitirira pang'ono 2 miliyoni, ndipo Real Madrid inamutenga ali ndi zaka 13 n'kumulera. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi theka osakwana zaka 18. Ndiye mukufuna kundiuza kuti mwa ana onsewa mulibe wa msinkhu ndi manja? Alipo, kungoti palibe amene wapita kukayang'ana.

Kugula dzina, BAL yomweyo inakuyesapo. Mu 2021 Patriots ya ku Rwanda inasayinitsa J. Cole, woimba wa ku America uja. Makamera anabwera, dziko lonse linayankhula. Anasewera magemu atatu, anamwetsa mapointi asanu, n'kubwerera kwawo. Terrell Stoglin, amene ankasewerera AS Salé ya ku Morocco, ananena poyera kuti malo amenewo alandidwa kwa munthu wina amene wagwirira ntchito mwayi wotero moyo wake wonse. Mutha kunena kuti J. Cole anabweretsa maso ku ligi yatsopano, ndipo n'zoona. Koma mapointi asanu ndi mapointi asanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano yang'anani mayina a ku Africa amene timawatchula monyada, muone m'mene anayambira. Hakeem Olajuwon anali goloboyi wa mpira wa miyendo ku Lagos, basketball anaiyamba ali mnyamata wamkulu kale, ndipo mu 1984 anasankhidwa woyamba mu NBA draft. Joel Embiid ankasewera volleyball ndi mpira wa miyendo ku Cameroon mpaka pamene Luc Mbah a Moute, Mkameruni mnzake wosewera mu NBA, anamuona pa kampu yake. Mu 2023 Embiid anakhala MVP. Pascal Siakam anadutsa pa kampu ya munthu yemweyo, ndipo mu 2019 anatenga chikho ndi Toronto Raptors. Khaman Maluach anabadwira ku South Sudan, anakulira ku Kampala banja lake litathawa nkhondo, anayamba basketball ali ndi zaka pafupifupi 13, anapita ku NBA Academy Africa ku Senegal, anasewera mu BAL, ndipo mu June 2025 anasankhidwa wa nambala 10. Onsewa wina anayenda ulendo, anaima pa fumbi, n'kunena kuti mwana uyu tamupatsani mpira. Ntchito yofuna osewera imayambira pamenepo. Kusayinitsa kontrakiti kumabwera kumapeto kwenikweni.

Kuno ku Nkhotakota ulendo umenewo ndani amauyenda? Boma lino lili ndi anthu pafupifupi 400,000. Pitani m'mawa pa gombe ku Chia kapena ku Sani muone anyamata akukoka khoka, mapewa ngati chitseko, manja ozolowera kugwira chingwe chonyowa. Pitani ku Dwangwa nyengo yodula nzimbe. Lowani m'sukulu za m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi, mufunse aphunzitsi kuti mwana wamtali kuposa onse ndi uti. Akulozerani, chifukwa amakhala kumbuyo kwa kalasi ndipo anzake anamupatsa kale dzina lomuseka. Mwana ameneyo akakhala mnyamata amamuika pagolo, akakhala mtsikana amamuimika pansi pa mtengo wa ntchemberembaye. Akamaliza Fomu 4, kapena akalephera fizi pa Fomu 2, nyanja imamutenga, kapena banja. Pamene akufika zaka 25 ndi munthu wamtali chabe amene amawerama polowa m'minibasi. Ndiye ife tili pa foni kumadandaula kuti Amalawi ndi afupi.

Chodabwitsa n'chakuti theka la zipangizo tili nalo kale. Mkombero wa basketball umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi. Mkombero wa ntchemberembaye umakhalanso mamita 3.05. Sukulu zambiri za pulayimale zili ndi mitengo imeneyi, ndipo atsikana athu akhala akuponya mpira pa msinkhu umenewu kwa zaka zambirimbiri. Chosowa ndi thabwa kumbuyo, mkombero wokulirapo pang'ono, ndi malo osalala oti mpira uzidunda. Komanso pali 3x3, basketball ya anthu atatu mbali iliyonse, imene imafuna mkombero umodzi ndi theka la bwalo, mamita 15 kwa 11. Si masewera a ana ayi, inalowa mu Olympics ku Tokyo. Mamita 15 kwa 11 a simenti ndi ochepa kuposa malo ena amene timayanikapo mpunga ndi usipa.

Ngati mukukayika kuti luso lingachokere kumudzi, ntchemberembaye inatiyankha kale. Mwawi Kumwenda anakulira kumudzi ku Mzimba, ndipo mu 2015 anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney, kenako anakasewerera Melbourne Vixens ku Australia. Mu 2018 ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa Commonwealth Games, opanda wosewera wogula ndi mmodzi yemwe. Ku mpira wa miyendo, Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi, ndipo Temwa anakhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America mu 2024. Anthu amenewa anapezeka chifukwa masewera awo amafika kumudzi. Basketball yathu imathera pamene tauni yathera: Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu, ndi masukulu ochepa okhala ndi mpanda.

Wina anena kuti aise, matimu onse a mu BAL ali ndi akunja, ukapita wopanda iwo ukaphedwa. Sindikukana. Wosewera wakunja wabwino amakweza gemu, ndipo anzake amaphunzira pomuona tsiku ndi tsiku pa mazoezi. Koma BAL yomweyo poyamba mu 2021 inaika lamulo loti mwa osewera 13, osachepera 9 akhale nzika za dziko la timuyo. Akunja anayi sangakunyamuleni ngati asanu ndi anayi enawo anapezeka mwangozi. Komanso wakunja amalipidwa madola, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023 ndipo madola ogulira mafuta ndi mankhwala amasowa. Akabwera amakhala milungu ingapo, mpikisano ukatha amakwera ndege. Simenti ikathiridwa pa sukulu imakhala zaka, ndipo chaka chilichonse imalandira ana atsopano a Fomu 1.

Wina anena kuti imeneyo ndi ntchito ya boma ndi BASMAL. Gawo lawo alidi nalo, ndipo tiziwafunsa kuti mpikisano wa masukulu umafika maboma angati. Griffin Saenda Sports Complex, imene inamangidwa ku Lilongwe chifukwa cha masewera a achinyamata a Region 5 mu 2022, ndi chinthu chabwino. Koma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera kuno, ndipo mwana wa ku Linga sangakwere minibasi kudzera ku Salima masana aliwonse kuti akaphunzire kudunditsa mpira. Taonaninso South Sudan. Luol Deng sanadikire boma lolemera, anaika nthawi ndi ndalama zake mu timu ya dziko, ndipo mu July 2024 timuyo inagonja ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100, kwa America ya LeBron James, isanapite ku Olympics ku Paris. Ife si a Luol Deng, matumba athu timawadziwa. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo magulu athu a WhatsApp a masapota a Lakers ndi Warriors ali ndi mitu yambiri.

Ndiye pempho langa kwa anzanga okonda masewerawa ndi ili. Gulu lanu likasonkha ndalama ya bandulo ya mwezi umodzi, mpira umodzi ugulika. Owotcherera zitsulo alipo pa boma pomwe pano, mkombero atha kuupinda, kalipentala atha kukhoma thabwa. Amene munasewerako ku koleji ndipo tsopano mukuphunzitsa kapena mukudikira ntchito kumudzi, masana awiri pa sabata ndi okwanira kuyambitsa ana khumi, atsikana ndi anyamata omwe. Mukakhala m'tauni, pitani mukaonere gemu ya ligi, mulipire pakhomo ngati akulipiritsa, muphunzire mayina a osewera. Mukatero mudzakhala ndi ufulu wokwiya ngati wa anthu a ku Dallas. Pakadali pano, musanalembenso kuti timu igule wamtali wa ku America, pitani kaye pa sukulu imene ili pafupi ndi kwanu mukafunse dzina la mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi uja.